Amuna andwii a m'mabuku akale: pakamwa pawo pamaulula chiyani?

Nambewe
Moni nonse pagulu pano. Popeza tamaliza Wuthering Heights, ndipo ambiri tinawerenga kale Jane Eyre, ndili ndi funso limene landikhala pamtima. M'mabuku akale a ku England muli mtundu wina wa mwamuna umene umangobwerabwera: wandwii, wokwinya nkhope, wosaseka ndi anthu, wosenza chinthu mumtima chimene safuna kutula. Heathcliff wa mu Wuthering Heights ndi wotero, Rochester wa mu Jane Eyre ndi wotero, ena amawonjezapo Darcy wa mu Pride and Prejudice. Owerenga ambiri amangoti onsewa ndi amuna osayankhula, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma ine ndikatchera khutu ku mawu awo enieni ndikumva anthu osiyana kotheratu. Tisiye kaye nkhope zawo ndi chuma chawo. Amayankhula liti, amayankhula ndi yani, ndipo akakhala duu akubisa chiyani?

Tadala
Zikomo amayi poyambitsa nkhaniyi. Ine ndiyambe ndi Heathcliff chifukwa tsamba loyamba lenileni limamuonetsa kale. Ndi chaka cha 1801, Lockwood wabwera kudzaonana ndi mwini nyumba imene akuchita lendi. Akumufunsa ngati ndiye Heathcliff, uja angogwedeza mutu basi. Lockwood akuyamba kuyala mawu aulemu ataliatali, Heathcliff akumudula pakamwa, kenako akumuuza kuti alowe koma osatsegula n'komwe mano, moti mlendoyo akudzimvera yekha kuti sakufunidwa. Kwa ine uyu ndi munthu amene mawu amamulemera. Sadziwa kucheza, ndipo ndimamumvera chisoni.

Aphunzitsi a Gondwe
Mwana wanga Tadala, tsamba loyamba waliwerenga bwino, koma usafulumire kunena kuti sadziwa kucheza. Tsegula mutu 6. Usiku umene iye ndi Catherine adathawira ku Thrushcross Grange kukasuzumira pawindo, Heathcliff adabwerako yekha ndipo Nelly, wantchito wa pakhomo pawo, adamufunsa kumene wasiya mnzake. Mnyamatayo adayankhula masamba angapo osapuma. Adafotokoza kukongola kwa chipinda chija, Edgar ndi Isabella, ana a banja la a Linton, akulira chifukwa cholimbirana kagalu, galu wolondera atagwira Catherine mwendo, iye akulowetsa mwala m'kamwa mwa galuyo kuti amusiye. Amanyoza, amaseka, amadziwa poyambira nkhani ndi pomalizira. Ameneyo si mwana wosowa mawu.

Tsono taona chimene chidachitika pakati. Bambo Earnshaw, amene adamutola m'misewu ya ku Liverpool, atamwalira, mwana wawo Hindley, mlongo wake wa Catherine, adamuletsa kuphunzira n'kumutumiza kumunda pamodzi ndi antchito. Pofika mutu 8 mnyamatayo ali ndi zaka ngati 16, ndipo Nelly akunena kuti chidwi cha mabuku chidamuthera, ngakhale kayendedwe kake kadasintha. Pamenepo ndi pamene Catherine, amene tsopano wazolowera kucheza ndi a Linton, akumuuza maso ndi maso kuti kukhala naye n'chimodzimodzi kukhala ndi munthu wosayankhula kapena khanda. Yankho lake ndi lalifupi, lopweteka: akuti sudandiuzepo kale kuti ndimayankhula pang'ono. Choncho chete wa Heathcliff ali ndi nthawi imene adayamba, ndipo alipo anthu amene adamuyambitsa. Sadabadwe naye.

Tadala
Komatu aphunzitsi, Nelly yemweyo amati kuyambira ali kamwana anali wandwii, Hindley akamumenya sankalira n'komwe.

Aphunzitsi a Gondwe
Eya, amatero, ndipo amanenanso kuti ankayankhula zochepa koma kawirikawiri zoona. Kumbukira kuti tsiku limene adafika ankangobwereza mawu a chiyankhulo chimene palibe adachimva m'nyumbamo. Mwana wotero amayamba waphunzira kumvetsera. Koma taonanso nkhani ya ana a akavalo aja. Wake atayamba kutsimphina, adauza Hindley modekha kuti tisinthane, apo ayi ndikaulula kwa bambo ako kuti wandimenya katatu sabata ino, ndikawaonetsanso mkono. Adapeza zimene ankafuna. Kamwana kameneko kadali katadziwa kale kuti mawu ochepa oikidwa pamalo pake amagwira ntchito kuposa chibakera.

Chisomo ku Leeds
Ndiwonjezepo za kuno, popeza Haworth, kumene kunkakhala banja la a Brontë, si kutali ndi kuno, ndipo nyumba yawo ija pano ndi malo osungirako zinthu zawo zakale. Ku England kayankhulidwe ka munthu kamaulula kumene anakulira ndi sukulu imene anapita, ndipo mpaka lero anthu amayezana nako. Emily Brontë, amene analemba Wuthering Heights, ankazidziwa bwino zimenezi. Joseph, wantchito wokalamba uja, amayankhula Chingerezi cha kumidzi ya ku Yorkshire chimene ambiri mwa ife tinavutika nacho. Ngakhale mkulu wake Charlotte, pokonza bukuli kuti lisindikizidwenso mu 1850 mng'ono wake atamwalira, anafewetsako mawu a Joseph poopa kuti owerenga a kummwera sadzamva.

Ndiye taonani: Heathcliff anagwira ntchito kumunda limodzi ndi Joseph, koma pa pepala sayankhula ngati Joseph. Ndipo atasowa zaka zitatu n'kubwerako ndi ndalama zimene bukuli silinena kumene anazitenga, Nelly akuyamba kumva mawu asanaone nkhope. Akuti anali mawu akuya, omveka achilendo, koma m'mene anatchulira dzina lake munali china chodziwika. Wabwerako akuyankhula ngati bwana.

Chimene chimandiwawa ndi zimene akuchita kwa Hareton, mwana wa Hindley. Samumenya kwenikweni. Akumulanda sukulu, akumuphunzitsa kutukwana ali kamwana, akumusiya akule akuyankhula ngati Joseph, mpaka mnyamatayo sangathe kuwerenga dzina la Hareton Earnshaw lolembedwa pamwamba pa khomo la nyumba ya makolo ake pamodzi ndi chaka cha 1500. Ndipo Heathcliff akudzitama nazo kwa Nelly, akuti ndikudziwa bwino zimene akumva chifukwa ndinazimvapo ndekha. Anamulanda mawu, iyenso akulanda mwana wa mdani wake mawu omwewo. Ine sindinaonepo kubwezera kozizira chotero m'buku lina.

Mai Zulu ku Chipata
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, koma apa ndiyankhulepo. Mwanawe Tadala, chisoni chako ndachimva, ndipo pa mwana wa m'mutu 8 uja inenso ndili nacho. Koma pa mwamuna wamkuluyo tisamale. M'buku lomweli muli mtsikana amene anaona kukwinya nkhope n'kuganiza kuti pansi pake pali mtima wofewa umene ukungodikira mkazi woumvetsa. Dzina lake ndi Isabella. Catherine anamuchenjeza mosabisa kuti munthuyu alibe chifundo, usamuyese mwala wamtengo wapatali wongosowa kupukuta. Sanamve. Usiku umene anathawa naye, Heathcliff anamangirira kagalu ka Isabella pakhosi n'kukasiya kakulendewera, iye akuona.

Ndipo mverani m'mene amayankhulira za mkazi wakeyo pamaso pake, Nelly ali pomwepo. Sakuwa, sakubwebweta. Akufotokoza mwadongosolo kuti mtsikanayu anadzipangira yekha chithunzi cha munthu wa m'nthano zachikondi, ndi kuti iye sanamunamizepo kuti amamukonda. Choopsa n'chakuti akunena zoona. Nkhanza zake amazinena ndi mawu osalala, aulemu, ngati munthu amene akuwerenga ndondomeko ya ntchito. Ziganizo zake zimangosweka akamanena za Catherine basi.

Nambewe
Apo mwakhudza pamene ndinkafuna, amayi. Nelly atabwera kudzamuuza kuti Catherine wamwalira, akumupeza panja pansi pa mtengo, wakhala pamenepo usiku wonse. Akulephera ngakhale kutchula dzina lake pofuna kufunsa m'mene wafera. Kenako mawu akutuluka onse nthawi imodzi, ndipo si pemphero loti apume mumtendere ayi, akupempha kuti asapume, amutsate, amuzunguze mutu, bola asamusiye yekha. Mawu atatha akuwombetsa mutu pamtengo n'kubangula ngati chilombo. Munthu mmodzi, makamwa awiri: pa anthu ena onse amayeza mawu, pa Catherine alibe choyezera.

Kondwani
Tasiyani kaye Heathcliff, tione Rochester wa Charlotte, mchemwali wake wa Emily. Mabuku awiriwa anatuluka chaka chimodzi, 1847, Jane Eyre mu Okutobala pansi pa dzina la Currer Bell, Wuthering Heights mu Disembala pansi pa dzina la Ellis Bell. Koma amene amati Rochester ndi wosayankhula sanawerenge bukulo. Mwamuna ameneyu salekeza kuyankhula! Tsiku loyamba kukumana ndi Jane, kavalo wake atatereka pamsewu, mawu oyamba ndi otukwana. Kenako akufunsa Jane kuti nyumba ili apo ndi ya yani, mwini wake umamudziwa kodi, pamene mwini wake ndi iyeyo. Bodza loyamba lili pomwepo, asanadziwane n'komwe maina.

Ku Thornfield akuitanitsa Jane madzulo n'kumulamula kuti ayankhule, amusangalatse. Jane akukhala chete dala. Ndiye iye akudzaza chipinda chonse ndi mawu ake: za unyamata wake, za kulakwa, za kulapa, zonse mozungulira, mophiphiritsa. Akufunsa mtsikana wa zaka 18 ngati akumuona kuti ndi wooneka bwino, Jane akuti ayi. Akumufotokozera za Céline Varens wa ku Paris, amake a Adèle, kamwana kamene Jane akuphunzitsa, mwatsatanetsatane, nkhani imene bwana sangauze wantchito wake. Jane akuyamba kuganiza kuti munthuyu wamutsegulira mtima wonse. Koma mawu onsewo akutchinga chinthu chimodzi chimene sakunena, chimene chili m'chipinda chapamwamba cha nyumba yomweyo.

Ine ndimati Rochester amaulula zing'onozing'ono zambiri kuti asaulule chachikulu chimodzi.

Tadala
Achimwene a Kondwani, mukumuweruza kwambiri. Anamukwatitsa ali mnyamata ku Jamaica chifukwa cha mapaundi 30,000, bambo ake ndi mkulu wake akudziwa za matenda a m'banja la a Mason osamuuza. Akanauza Jane bwanji zimenezo? Ndipo m'machezedwe awo aja ndi m'mene Jane akupeza koyamba munthu womufunsa maganizo ake n'kumvetsera yankho. Ku Gateshead ndi ku Lowood ankangouzidwa kuti akhale chete.

Kondwani
Zoti amamumvetsera sindikutsutsa, achemwali, ndipo ndi chifukwa chake machezedwe awo amakoma kuwerenga. Jane akamuyankha mosaopa, Rochester amasangalala, sakwiya. Koma tawerengani mabodza ake. Akuvala ngati mayi wolosera n'kusintha mawu kuti atole zimene zili mumtima mwa Jane. Akuonetsa ngati akwatira Blanche Ingram kuti Jane achite nsanje, ndipo pambuyo pake akuvomera yekha kuti anachita dala. Usiku wofunsira ukwati akuyamba wamuuza kuti wamupezera ntchito ku Ireland, akupeka ngakhale dzina la mayi ndi la nyumba, mpaka Jane akulira. Nsalu yake yaukwati itang'ambidwa usiku, akumuuza kuti anali wantchito Grace Poole, ndi kuti zina anangolota. Akulonjeza kuti adzafotokoza zonse pakatha chaka ndi tsiku limodzi ali m'banja. Ndiye kuti nthawi yoti Jane sangabwererenso m'mbuyo.

Ndipo chinthu china: maina amene amamutcha. Nthawi zonse ndi kamzimu, kambalame, kanthu kochokera kudziko la nthano. Amamveka okoma, koma onse ndi ochepetsa, ndipo palibe limene limamutcha munthu wamkulu wokhoza kumva zoona n'kusankha yekha.

Mai Zulu ku Chipata
Akuluakulu amati fisi akagwa m'mbuna sayankhula, koma Rochester ndiye ayi. Ukwati utaimitsidwa m'tchalitchi, Briggs ndi Richard Mason ataulula zonse, m'mutu 27 ndi m'mene akuyankhula motalika kuposa pena paliponse. Masamba ndi masamba akufotokoza m'mene iye anavutikira. Pakati pake akuopseza kuti Jane akapanda kumvera agwiritsa ntchito mphamvu. Ndikafika pamenepo ndimaika buku pansi kaye. Ndipo mkazi wake amene anamutsekera m'chipinda chapamwamba chija, Bertha, m'buku lonse sapatsidwa mpata woyankhula ndi ife. Timangomva kuseka kwake, ndi mawu ochepa amene mlongo wake akuti anawanena pomuluma. Zonse zimene tikudziwa za ukwati wawo zachokera pakamwa pa amene anamutsekera.

Chisomo ku Leeds
N'chifukwa chake Jean Rhys, amene anabadwira ku Dominica, analemba Wide Sargasso Sea, limene linatuluka mu 1966. Mmenemo mkazi uja akuyankhula yekha, ndipo mwamunayo sakutchulidwa dzina. Tingadzaliike pamndandanda wathu, ndi lalifupi.

Yamikani
Ine ndili ndi vuto ndi m'mene tikukambira. Tikunena ngati tinawamva ndi makutu athu anthu amenewa. Sitinawamve. Mawu a Heathcliff ambiri akudutsa pakamwa pa Nelly, amene akuwakumbukira patatha zaka zambiri, kenako Lockwood akuwalemba m'buku lake, ndipo penapake Lockwood akunena yekha kuti afupikitsako. Nelly si mboni yopanda mbali. Usiku umene Catherine ankamuululira kuti kukwatiwa ndi Heathcliff kungamutsitse, Nelly anaona Heathcliff akunyamuka pamene anakhala n'kutuluka, koma sanamuuze Catherine msanga. Mnyamatayo anamva theka loyamba lokha, osamva pamene Catherine ankanena kuti iye ndi Heathcliff ndi munthu mmodzi. Munthu amene anakhala chete pa nthawi ngati imeneyo ndiye tikumudalira kuti atiuze m'mene ena ankayankhulira.

Rochester naye tikumumva kudzera mwa Jane, amene akulemba atakhala naye m'banja zaka 10 ndipo amamukonda. Kodi mkazi wokonda mwamuna wake sangakometse mawu ake pokumbukira? Mwina Rochester weniweni anali wokhadzula kuposa uyu.

Aphunzitsi a Gondwe
Funso lako ndi lolemera, Yamikani, ndipo pa Nelly ndikugwirizana nawe. Koma pa Jane ndikuona mwina. Akadafuna kukometsa akadachotsa chiopsezo chimene amayi a Zulu atchula chija. Adachisiya momwemo. Adasiyamonso pamene iye mwini akukumbutsa Rochester kuti akuiwala zoti amamulipira mapaundi 30 pachaka kuti azimvera malamulo ake. Mkazi ameneyu amadziwa bwino lomwe amene ali ndi mphamvu m'chipindamo, ndipo akufuna ifenso tidziwe.

Palibenso Rochester wina kuseri kwa buku amene tingakamufunse. Tili ndi mawu amene mlembi adasankha kutipatsa, kudzera mwa munthu amene adamusankha. Kusankhako nakonso ndi gawo la nkhani. Emily adatitsekera kunja kwa mutu wa Heathcliff dala. N'chifukwa chake mpaka lero tikukangana za iye.

Tadala
Chabwino, nanga Darcy? Palibe wamutchula bwinobwino, ndipo ndi amene ine ndimamukonda.

Kondwani
Darcy kwa ine sali m'gulu limeneli kwenikweni. Pride and Prejudice linatuluka mu 1813, ndipo munthuyu alibe mkazi wobisika, alibe chobwezera. Ali ndi mapaundi 10,000 pachaka ndi kunyada basi. Kugule wa ku Meryton akunena Elizabeth akumva kuti ndi wooneka bwino pang'ono chabe, sangamukope. Imeneyo si mdima wa mumtima, ndi mwano.

Nambewe
Mwano ulipo, achimwene, koma kayankhulidwe kake n'kofunika kukaona chifukwa kamatiphunzitsa china. Darcy pakamwa amalephera, papepala amatha. Ku Rosings akuvomera kuti alibe luso locheza ndi anthu amene sawadziwa, ndipo Elizabeth akumuyankha ndi chitsanzo cha kuimba piyano, kuti chimene sunachiphunzire usamati sungathe. Pofunsira ukwati koyamba ku Hunsford akuyamba ndi mawu achikondi, kenako akutaya nthawi kufotokoza m'mene banja la mkaziyo lilili lotsika. Jane Austen sanatipatse n'komwe mawu onsewo mmodzimmodzi, anangotifotokozera mwachidule, ngati kuti akutipulumutsa ku manyazi. Mawa lake akubweretsa kalata yaitali, ndipo m'menemo ndi m'mene timamumva bwino koyamba: mwadongosolo, ndi mboni yoti Elizabeth akafunse ngati akukayika, mpaka kuulula za mlongo wake Georgiana, amene Wickham anafuna kuthawa naye ali ndi zaka 15.

Apa pali kusiyana ndi Rochester. Darcy akuulula chinsinsi chimene chingamupweteke iye ndi banja lake, kwa mkazi amene wangomukana kumene, popanda kupemphanso kanthu. Ndipo chabwino chachikulu chimene anachita, kulipira kuti Lydia, mng'ono wake wa Elizabeth, akwatiwe mwalamulo ndi Wickham, anafuna kuti chisadziwike. Elizabeth anachimva chifukwa Lydia analakwitsa kuyankhula, kenako Mai Gardiner anamulembera zonse. Wodziwa kuyankhula m'bukuli ndi Wickham, ndipo tonse tikudziwa m'mene zinathera.

Mai Zulu ku Chipata
Ndipo chimene chinatembenuza mtima wa Elizabeth kwambiri si mawu a Darcy, ndi a Mai Reynolds, woyang'anira nyumba ku Pemberley, amene anati amudziwa kuyambira ali ndi zaka 4 ndipo sanamuyankhulepo mokalipa. Ine muyeso wanga ndi umenewo pa amuna onsewa. Musamve m'mene akuyankhulira ndi mkazi amene akumufuna. Mverani m'mene akuyankhulira ndi amene sangamuyankhe. Rochester ndi kamwana kaja Adèle amangokakankhira kutali ndi mawu onyoza amake. Heathcliff ndi mwana wake wodwala Linton amamutcha katundu wake tsiku loyamba kumuona.

Aphunzitsi a Gondwe
Ndilole ndibweretse wina amene ambiri tidakumana naye kusukulu, ngakhale si wa ku England ndipo buku lake ndi la 1958. Okonkwo wa mu Things Fall Apart. Chinua Achebe akutiuza m'mutu woyamba kuti munthuyu adali ndi chibwibwi pang'ono, ndipo akakwiya, mawu akakana kutuluka msanga, ankagwiritsa ntchito zibakera. Tsono ganizirani kumene akukhala. Pakati pa Aigbo a ku Umuofia luso loyankhula ndi chuma, munthu amalemekezeka chifukwa chodziwa kuzungulira nkhani ndi miyambi asanafike pamfundo. Bambo ake Unoka, amene iye amachita nawo manyazi, adali munthu wa chitoliro ndi macheza. Choncho Okonkwo adaika macheza, nyimbo ndi kufatsa m'gulu la zinthu za bambo ake zimene ayenera kuzida.

Koma nayenso si wosowa mawu. Ali mnyamata adapita kwa Nwakibie kukapempha mbewu ya zilazi, ndipo adayankhula mwaulemu, ndi mwambi wa buluzi amene adagwa mumtengo wautali n'kudzitama yekha. Adapatsidwa mbewu 800. Pamene akufuna kukwera, pakamwa pamatseguka. Pamene pakufunika kuonetsa chikondi, pamatsekeka. Ikemefuna adakhala m'nyumba mwake zaka zitatu akumutcha bambo, ndipo mlembi akunena kuti Okonkwo adamukonda, koma mumtima mokha. Atamupha ndi dzanja lake poopa kuonedwa wofooka, masiku awiri sadadye, ankangomwa. Sadauze munthu chimene chinkamudya. Usiku umene wansembe wamkazi Chielo adanyamula Ezinma, mwana wa Okonkwo, kupita naye kuphanga, Okonkwo adapita kumeneko kanayi mwakachetechete, ndipo atapeza Ekwefi, amake a mwanayo, adangomuuza kuti apite akagone, iye adikira. Chikondi chake chonse chili m'miyendo, pakamwa palibe.

Ndipo mapeto ake mukuwakumbuka. Atadula mthenga wa boma pabwalo, adamva anthu akufunsana kuti wachitiranji zimenezi. Sadayankhe. Adapukuta chikwanje pamchenga n'kuchoka. Womuyankhulira ndi mnzake Obierika, amenenso mawu adamutsamwa pakhosi, kenako DC akuganiza kuti nkhani ya munthuyu ingakwane ndime imodzi m'buku lake.

Yamikani
Apa ndiye pali kusiyana ndi zimene ndinanena zija, aphunzitsi. Kwa Okonkwo wofotokoza nkhani amalowa m'mutu mwake n'kutiuza poyera kuti moyo wake wonse ukulamulidwa ndi mantha oti angafanane ndi bambo ake. Tikudziwa zimene akubisa. Akazi ake ndi mwana wake Nwoye ndi amene sakudziwa, iwo amangolandira kukalipa ndi ndodo. Ndikaganiza bwino, Nwoye ali pamalo a Nelly ndi Isabella: akuona kunja kokha. Ndipo anachoka osamva ngakhale kamodzi kuti bambo ake analira mumtima chifukwa cha Ikemefuna.

Tadala
Ndiye funso limene latsala kwa ine ndi lakuti, kodi alipo mwa amenewa amene kayankhulidwe kake kamasintha pofika kumapeto? Darcy ndikuona kuti inde. Pofunsira kachiwiri akungonena mawu ochepa, ndipo akuuza Elizabeth kuti mawu amodzi ochokera kwa iye amutseka pakamwa pa nkhaniyi mpaka kalekale. Akumupatsa mphamvu yokana. Rochester naye ku Ferndean, atataya dzanja ndi maso pamoto umene unatentha Thornfield, akuyamba kufunsa m'malo molamula, mpaka kuthokoza Mulungu.

Kondwani
Za Darcy ndavomera. Za Rochester ndikukayikabe. Munthu amene sakuona, amene akudalira wina kuti amutsogolere, ndipo mkaziyo tsopano ali ndi ndalama zake za cholowa, angalamule bwanji? Sitingadziwe ngati wasintha mtima kapena wangochepa mphamvu. Ndipo Jane atangotchula St John Rivers, amene anamufunsira ukwati, mafunso a nsanje akuyambiranso motsatizana ngati kukhoti.

Chisomo ku Leeds
Heathcliff amasintha, koma osati m'mene Tadala angafunire. M'mutu 33 akuyankhula ndi Nelly motalika, modekha, mwina koyamba popanda kufuna kupweteka wina. Akuti zonse zakonzeka kuti agwetse mabanja awiri aja, koma chilakolako chatha, sakuonanso chifukwa chokwezera dzanja. Akaona Hareton akuona maso a Catherine ndi unyamata wake womwe. Nthawi yomweyo Cathy wamng'ono, mwana wa Catherine, akuphunzitsa Hareton kuwerenga, ndiye kuti chimene anamulanda chija chikubwerera iye akuona, ndipo sakuletsa. Koma atamaliza kuyankhula akunena kuti kuulula kumeneku sikunamupepukitse.

Masiku otsiriza sakudya, akuyang'ana chinthu chimene ena sakuchiona, ndipo Nelly akumumva usiku akuyankhula motsitsa ndi munthu amene palibe. Nelly atamulangiza kuti aitane m'busa alape, akuyankha kuti sanalakwire munthu ndipo palibe chimene akulapa. Akulamulanso kuti pomuika m'manda pasabwere m'busa, pasanenedwe mawu aliwonse. Ndi zimenezo ndimakana kuti anafewa. Anangosiya kuyankhula ndi amoyo.

Mai Zulu ku Chipata
Sanalakwire munthu, pamene Isabella anathawa ali ndi pakati, bala la mpeni lili pansi pa khutu, Linton anafa wopanda dokotala chifukwa bambo ake anakana kuwononga ndalama, ndipo Cathy anatsekeredwa m'nyumba bambo ake ali pafupi kumwalira. Munthu amene ankadzitama kuti sananamize Isabella, apa ndiye ananama, ndipo ndikukhulupirira kuti ankadzikhulupirira yekha. Ndikufuna tikadzakumana Loweruka tiwerenge mokweza mutu 14 ndi mutu 34 motsatizana, wina atenge mbali ya Nelly, kuti timve ngati ndi munthu yemweyo akuyankhula.

Nambewe
Zatheka, amayi. Achimwene a Kondwani atenge Heathcliff, Tadala atenge Isabella, ine nditenga Nelly. A Chisomo, nthawi yanu kumeneko ili m'mbuyo mwa yathu, ndiye tiuzeni ola limene mungathe kulowa pafoni.